Akufuna kundisudzula mwana asanakajambulidwenso mutu

Aphungu,

Ine pakamwa panga si pachangu. Ntchito yanga ndi yometa anthu pamsika wa Lungwena, ndipo pantchito imeneyi wolankhula amakhala amene wakhala pampando, ine changa n'kuvomera. Koma nkhani iyi yandikulira, ndiye ndati ndiitule kwa inu. Ndinene msanga kuti si nkhani ya maliro. Pakhomo pathu masiku ano pali kuseka, mwina kuposa mmene ineyo ndingakwanitsire.

Kwathu ndi ku Chiponde. Makolo anga anawoloka malire nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, ine ndili wamng'ono, ndipo sukulu ndinalekera Fomu 2. Kuno kunyanja ndinabwera chikamwini. Ndinakhala ndi mkazi wanga Ruti zaka zoposa makumi awiri, mpaka chaka chatha pamene anatisiya ndi khansa ya khomo la chiberekero. Za iye sindinena zambiri. Anandisiyira mwana mmodzi, Triza, mtsikana wamkulu ndithu, woyanika ndi kugulitsa usipa, komanso ndiye amayambitsa nyimbo mukwaya ya kutchalitchi kwathu kwa Angilikani. Pakamwa anatengera mayi ake, osati ine.

Mvula itangosiya chaka chino, Triza anayamba kugwetsa zinthu. Poyamba tinkaseka. Beseni la usipa linamupulumuka m'manja panjira, agalu a m'mudzi n'kudya Khirisimasi nthawi isanakwane. Kenako mwendo wamanzere unayamba kukoka pansi, patapata n'kumatsalira m'mbuyo. Sabata isanathe, mawu anayamba kulemera ngati munthu amene wadzaza chinangwa m'kamwa. Ku Mangochi anamuona, anatitumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Tinapita atatu: ine, Triza, ndi alamu anga a Andreya, mchimwene wa malemu, amene ndi mwinimbumba. A Andreya ndi msodzi, mwini chilimira, ukonde waukulu uja wozinga usipa ndi mabwato, munthu wamawu aakulu ndi mtima wabwino. Akaseka ku Lungwena, a ku Malindi amamva.

Ku Blantyre anamulowetsa m'makina aja ojambula m'kati mwa mutu, amene amawatchula kuti MRI. Chithunzi chitatuluka, ngakhale ine wometa ndinaona kuti pali chinthu. Kudzanja lamanja la ubongo kunali chibanga chachikulu ngati dzira la nkhuku. Adokotala anati chikuoneka ngati chotupa, ndipo kuti adziwe mtundu wake afunika kuboola chigaza pang'ono n'kutapa kachidutswa kokapima. Mawu akuti chotupa ndinali nditawamvapo kale m'chipinda chofanana ndi chimenecho. Ndinangoyang'ana nsapato zanga.

Tsiku la opaleshoni, m'mawa, anamwino anamumeta Triza mbali imodzi ya mutu, kuyambira pakhutu mpaka paliwombo. Tikudikira kuti amutenge, adokotala aja anabwera ndi anzawo achikazi, amene ntchito yawo ndi kuwerenga zithunzi zimenezi. Anali atamujambulanso dzulo lake atamubaya mankhwala owalitsa malo odwala. Mayiwo anatiitana pakompyuta. Anatisonyeza mzere woyera wozungulira chibanga chija, n'kunena kuti, "Taonani bwino. Mzerewu wazungulira, koma sunakumane. Mbali iyi yatseguka. Zotupa zambiri za khansa, ngakhale zithupsa za mafinya, mzere wake umatseka. Chinanso, chinthu chachikulu chonchi chikanakhala khansa, chikanakankhira ubongo kumbali kwambiri. Ichi chakula, koma chakhala mwaulemu."

A Andreya anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. "Aa!" anatero. "Adokotala, ichitu ndi chilimira chosatseka! Mabwato sanakumane. Pamenepa usipa wonse wathawa, palibe chokokera kumtunda!" Mayi aja anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati zaka zonse zimene aphunzitsa ophunzira udokotala, palibe anafotokozapo bwino chotero.

Ndiye anatifotokozera kuti mitsempha ya muubongo ili ndi chikuto, ngati pulasitiki imene imakuta waya wa magetsi. Nthawi zina asilikali a m'thupi amasokonezeka n'kuyamba kudya chikuto chimenecho, malowo n'kutupa kwambiri mpaka kuoneka ngati chotupa pachithunzi. Apa ndinamva bwino, chifukwa makina anga ometera amayendera sola, ndipo makoswe atadya waya wake ankangoyaka n'kuzima. Koma mayiwo sanatipatse chimwemwe chonse. Anati, "Sitikunena kuti tatsimikiza. Tikunena kuti lero mpeni udikire." Anamutenga magazi, anamuyeza HIV, TB, ngakhale likodzo poti ndife a kunyanja, anamutenganso madzi a pamsana. Zonsezi zitapanda kusonyeza matenda ena, anamuika diripi ya mankhwala amphamvu ochepetsa kutupa.

Aphungu, ndinaona ndi maso anga zala za mwana wanga zikudzuka. Lero chala chimodzi, mawa ziwiri. Tisanatuluke anali atayamba kale kuphunzitsa odwala anzake nyimbo, mpaka asisitala a muwodi anati, "Mutengeni mwana wanuyu, watisandutsira wodi kukhala tchalitchi." Patapita milungu ingapo tinabwereranso kukajambula, ndipo dzira lija linali litasanduka nzama. Adokotala anakondwa, koma anatiuza kuti tidzabwerenso kachitatu kumapeto kwa mwezi wamawawu, ndipo tisadzaphonye.

Titafika kumudzi ulendo woyamba uja, Triza anavula mpango pakhonde, mutu uli theka tsitsi theka mpala. Anakhala pampando wanga n'kunena kuti, "Ababa, madokotala aja ndi anzeru, koma kumeta sadziwa. Malizani ntchito ya anzanuwo." Ndinamumeta. Mutu umenewu ndinali nditaumeta komaliza pa kumeta kwa maliro a mayi ake. Iye anandiyang'ana pagalasi, n'kunena kuti, "Ababa, mukandicheka khutu ndikakusumirani ku Blantyre." Nkhani ya mutu wa thekayo inafala pamsika. Mpaka lero anyamata a kabaza amabwera n'kumati, "Madala, tipangeni kati ya ku Blantyre," ndipo awiri ndinawametadi chotero.

Tsopano vuto langa ndi ili. Mankhwala aja anamupatsa Triza njala ya mkango, nkhope n'kudzaza ngati mwezi. Kwa a Andreya umenewu ndi umboni wokwanira. Akuti mwana wanenepa, akuimba, akusenza beseni, ndiye wachira. Akonza mwambo wothokoza Mulungu: Misa m'mawa, mbuzi masana, abale ochokera ku Malindi ndi ku Makanjira. Ndipo poti abale onse adzakhala atasonkhana, akuti asayende kawiri, tsiku lomwelo adzandisudzule. Mwambo wondisudzula unayenera kuchitika kale, koma unaima chifukwa cha matendawa. Sabata imene asankha ndi yomweyo imene Triza akufunika ku Blantyre.

Ndinayesa kuwakumbutsa tili pagombe, iwo akusoka ukonde. Anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Alamu, munthu wachira, inu mukufuna akamufunefune matenda? Makina aja akapanda kupeza m'mutu akapeza m'bondo. Mulungu wagwira ntchito, ife tikamuyese ngati sikelo ya venda?" Kenako anafewetsa mawu. "Mlongo wathu munamusunga bwino, mwana mwatilerera. Mwatopa, alamu. Pitani ku Chiponde mukapume. Tsitsi lanu likadali lakuda, akazi kumeneko sanathe." Sanalankhule mwankhanza. Amandikonda, ndikudziwa. Ine ndinangoti, "Ndamva, alamu."

Sindinathe kuwauza chimene chili mumtima mwanga, kuti Ruti nayenso anali ndi miyezi yake yabwino. Nayenso ananenepa, analima mpunga, anthu n'kumati wachira.

Sabata yatha ndinkalinganiza tsitsi la Triza, poti lamera mosiyana. Pakhomo tinalipo awiri. Anasiya nthabwala zake n'kulankhula osandiyang'ana. "Ababa, amalume akunena zoona, eti? Tisapite. Nanga akakaona kuti chabwerera? Panopa ndikusangalala. Ndisiyeni ndisangalale." Ndinangopitiriza kupesa pamene ndinali nditapesa kale.

Ndiye ndikufunseni, Aphungu. Kodi chinthu chikachepa chonchi ndi mankhwala, si ndiye kuti chatha? Kodi ndikukayikira Mulungu? Ndikakana tsiku londisudzula, anthu adzati mkamwini wakakamira nyumba ya malemu. Ndikavomera, ndidzakhala mlendo wa ku Chiponde, ndipo mlendo sauza eni mbumba kumene mwana wawo apite. Kunena zoona, ku Chiponde kuli mlongo wanga yekha, ndipo sindidziwa kuti anthu a kumeneko amameta tsiku liti. Koma ine ndisakhale nkhani. Nkhani ndi mutu wa mwana wanga.

M. L., Lungwena

*

Bambo M. L.,

Choyamba, landirani moni wa chimwemwe. Makalata ambiri amene amafika patebulo pano amandiwawitsa mutu, koma yanuyi yandisekesa mpaka anzanga muofesi akufunsa kuti kati ya ku Blantyre ndi yotani. Pepani za mayi a Triza. Mwati za iwo simunena zambiri, koma ali m'kalata monse.

Tsopano tilankhule mosabisa. Ine si dokotala, ndiye funso lanu loyamba ndinalitengera kwa katswiri wa matenda a ubongo. Yankho lake ndi lakuti ayi, kuchepa si kutha. Zimene anakuuzani mayi owerenga zithunzi aja ndi zoona: pali kutupa kwa muubongo kobwera chifukwa chikuto cha mitsempha chadyeka, kumene pachithunzi kumanamiza ngati chotupa, ndipo mzere wosakumana uja ndi chizindikiro chimene madokotala amachidalira kwambiri. Koma ndi chizindikiro, si chigamulo. Katswiriyu anandiuza chinthu chimene muyenera kuchigwira ndi manja awiri: ilipo khansa ina, yotchedwa limfoma, imene nayonso imachepa, nthawi zina kuzimiririka kumene, munthu akalandira mankhwala omwewo ochepetsa kutupa, n'kudzabwerera pambuyo. Madokotala anaimitsa mpeni chifukwa anapeza njira ina yodziwira choonadi, ndipo njirayo ndi kujambula mobwereza pakapita nthawi. Chithunzi cha ulendo wachitatuwo chalowa m'malo mwa opaleshoni imene Triza anapulumuka. Kuchiphonya kuli ngati kudzuka pampando wanu mutu uli theka.

Musachite mantha ndi zimenezi. Pa zonse mwafotokoza, madokotala ali ndi zifukwa zabwino zoyembekezera nkhani yokoma. Ambiri amene amadwala kutupa kotereku amachira, mwa ena sikubweranso. Mwa ena kumabwerera pamalo ena, n'kudziwika kuti ndi matenda okhalitsa amene madokotala amawatcha multiple sclerosis, ndipo amenewo ali ndi chisamaliro chake chimene chimathandiza kwambiri chikayamba msanga. Mulimonse mmene zingakhalire, wopindula ndi amene wadziwa msanga. Kunenepa kwa nkhope musakuwerengere: ndi khalidwe la mankhwalawo.

Za kukayikira Mulungu, zisiyeni. Ngakhale wakhate uja wa m'Baibulo atachiritsidwa anauzidwa kuti apite akadzionetse kwa ansembe. Ngati mawu amenewa akulemerani pakamwa, pitani kwa abambo mfumu a tchalitchi chanu, muwafotokozere, akathandize kuwanena.

Nazi zochita. Yambani ndi Triza, osati ndi amalume ake. Ndi munthu wamkulu, mutu ndi wake, ndipo pachipatala amene amavomera kapena kukana ndi iyeyo, osati mwinimbumba, osatinso inu. Tsiku lija sanakufunseni za mwambo. Anakuuzani kuti akuopa, inu n'kumuyankha ndi chipeso. Mukhazikeninso pampando, ndipo ulendo uno wometa ndiye alankhule. Muuzeni kuti inunso mukuopa. Muuzeni za miyezi yabwino ya mayi ake. Ndi wamkulu mokwanira kumva, ndipo ndikukayika ngati anaiiwala. Kenako mumulonjeze chinthu chimodzi chokha chimene mungathe kusunga: kuti chilichonse chimene chithunzi chidzasonyeze, adzakupezani mutakhala pabenchi panja.

Kenako a Andreya. Munthu ameneyu si mdani wanu, ndipo musalimbane naye pagulu. Ndi munthu amene anaona mlongo wake akupita, ndiye mwana wa mlongoyo atadzuka wagwira chimwemwecho ngati wogwira nkhafi pamwera. Inu mantha anu amakhala chete, ake amagula mbuzi. Apezeni pawokha, ndipo alankhuleni m'chinenero chawo. Ndi iwo amene anamva chithunzi chija msanga kuposa aliyense. Afunseni kuti, kodi msodzi amene waona kuti chilimira sichinatseke amapita kumtunda kukauza anthu zimene zili m'madzi, kapena amabwerera kukaponyanso kuti aone? Ndipo musawapemphe chilolezo, apatseni ntchito. Auzeni kuti mayi owerenga zithunzi aja akufuna katswiri wawo wa chilimira adzaonenso chithunzi. Sindinakumanepo ndi munthu wamawu aakulu amene angakane ulendo wotero.

Mwambo wothokoza musauletse, usunthidwe chabe. Mbuzi siwola ili moyo. Ikadya msipu milungu ina iwiri, abale a ku Makanjira sadzadandaula. Ndipo taganizani kukoma kwa Misa imene mudzalowe mutanyamula nkhani ya chithunzi cha ulendo wachitatu. Ngati tsiku la mwambo silingasunthike, imbani foni kuchipatala sabata ino mufunse ngati angakupatseni tsiku loyandikira. Musangokhala osapita. Mukakafika, funsani mafunso atatu awa ndipo musatuluke musanamve mayankho: chasintha n'chiyani poyerekeza ndi chithunzi chapita, tidzabwerenso liti, ndipo zizindikiro zoti tithamangire nazo kuno ndi ziti.

Pomaliza, za inuyo. Mwati musakhale nkhani, koma ndinu nkhani. Lolani akusudzuleni, ndi ulemu umene akukupatsani, ndipo mukapitiriza kuuzemba ndi pamene anthu adzayambe kunong'ona. Koma kusudzula ndi kumasula, si kuthamangitsa. Mwambo umati muli ndi ufulu wopita. Sunena kuti minibasi ikudikira. Muli ndi mpando wanu pamsika ndi mitu ya Lungwena yense. Ngati nyumba ya malemu ndi imene ingabweretse mawu, isiyireni Triza, inu mupeze chipinda pafupi ndi msika. Nenani zimenezi pamwambopo, pamaso pa onse, ndi mawu anu ochepawo. Anthu amamvera kwambiri munthu amene salankhula kawirikawiri.

Chenjezo langa ndi ili. Triza akayambanso kugwetsa zinthu, kukoka mwendo, kuona mwachimbuuzi, kusanza ndi mutu waukulu, kapena akakomoka, musadikire tsiku la chithunzi, musadikire msonkhano wa abale, ndipo musaseke kaye ngati za beseni zija. Thamangani naye. Musamugulire mapiritsi ochepetsa kutupa pamsika poganiza kuti ndi omwe aja a m'diripi. Angabise matenda pa nthawi imene madokotala akufunika kuwaona. Ndipo inu, chenjerani ndi mawu anu aja akuti "Ndamva, alamu." Pampando wometera ndi mawu abwino. Pankhani iyi angakudyereni mwana.

Mutu umenewo mwaumeta kawiri, bambo, ndipo ulendo uliwonse dzanja linali lolemera. Pitani nawo ku Blantyre kuti tsitsi limere mumtendere. Pamwambo paja adzasudzula mwamuna wa Ruti. Bambo wa Triza palibe angamusudzule.

Aphungu